Nsomba Ziwiri za a Chanda

Ana anga, mwakhala mukundifunsa za bolodi lakuda lili kuseli kwa kabati, limene ndimakuletsani kupukuta. Mwamvanso anthu akunena kuti bambo anu ananyamula bolodi n'kupita nalo kumaliro ngati mphunzitsi wosokonekera njira. N'zoona, ndinanyamula. Ndinalonjeza munthu ali moyo kuti ndidzatero, ndipo atamwalira ndinatsala pang'ono kulithawa lonjezolo. Kuti mumvetse, ndiyambe ndi ntchito imene ndinkagwira, ngakhale kuti ine mwini wake mpaka lero sindikuimvetsa bwinobwino.

Jumbe, 1994

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza kwa a Daka, amene anali ndi golosale m'mbali mwa msewu wochoka ku Chipata kupita ku Mfuwe. Kuseli kwa golosaleyo anamanga chisakasa, n'kuikamo mabenchi, kanema, makina a vidiyo ndi jenereta yotsokomola ngati nkhalamba yosuta fodya. Anandilemba ntchito chifukwa ndinkamvako Chingerezi komanso ndinali ndi dzanja labwino polemba. Makaseti ankabwera ndi makondakitala a minibasi, ambiri opanda chikuto, ena opanda ndi dzina lomwe. Choncho pankafunika munthu woti m'mawa uliwonse aonere filimu ali yekha, kenako alembe ndemanga pabolodi panja kuti odutsa adziwe zimene zili mkati. Munthuyo ndinali ine. Tsiku loyamba a Daka anandipatsa choko n'kunena kuti, "Iwe Sakala, uzilemba chabe kuti ni yabwino. Zonse ni zabwino." Ndinawayankha kuti ine ndine wa kwaya kutchalitchi, bodza sindilemba, olo ndi choko chofufutika. Anati ndiyesere sabata imodzi.

Ndinayamba kupereka mamalikisi pojambula nsomba. Nyenyezi ndinaziyesa, koma zinkatuluka ngati mapazi a nkhuku, komanso anthu akuno nsomba amaidziwa mtengo wake. Nsomba zisanu zinkatanthauza kuti siya khasu ubwere. Nsomba imodzi inkatanthauza kuti bola ukagone. Mafilimu a nkhondo ndinkawamva: awa ndi adani, awa ndi athu. Oseketsa ndinkawamvanso: munthu waterereka, wagwera m'matope, wadzuka ali bwinobwino. Koma tsiku lina kunabwera kaseti imene inandiimitsa mutu. Munali amuna awiri ogwira ntchito yopha anthu pa ganyu, monga mmene ena amagwirira ganyu yopalira thonje. Mmodzi anali ndi chimfine, ndipo nthawi iliyonse akalozetsa mfuti ankayetsemula n'kuwombera munthu wolakwika. Mnzake m'malo modandaula ankangomukalipira kuti wawononga malaya atsopano. Anthu ankagwa kumanzere ndi kumanja, nyimbo ikulira yosangalatsa ngati ya paukwati. Ndinabweza kaseti ija kawiri kuti mwina pali pamene ndaphonya, pamene akufa aja akudzukanso. Sanadzuke. Ndinatuluka panja n'kulemba kuti: "Anthu akufa ambiri. Zikuoneka kuti akufuna tiseke. Ine poseketsa sindinapaone. Nsomba ziwiri."

Masana amenewo chisakasa chinadzaza mpaka ena anakhala pansi. Anaseka mpaka benchi imodzi inathyoka. Ine ndinaima pakhomo kukamwa kuli yasa, ndikuyang'ana anthu amene ndinkawadziwa, anthu oti kukachitika maliro amasiya chilichonse n'kukagona pasiwa masiku atatu. A Daka anandimenya paphewa. "Waona manje? Ukalemba kuti sunamvetse, anthu abwera kuzaona chamene chakukanga. Uzilemba so." Ndinapita kunyumba wokhumudwa, chifukwa ndinanena zoona koma zoonazo zinagwira ntchito ya bodza.

Msoro, 1999

A Daka atatsegula chisakasa china ku Msoro, ananditumiza kumeneko m'nyengo yogulitsa thonje. Amayi anu anali ndi pathupi pa iwe Tisa, ndipo tinayenda pa thirakitala titakhalira matumba. Ku Msoro n'kumene ndinaphunzira kusowa. Choko chikatha ndinkalembera chinangwa chouma, ndipo mbuzi zinkabwera kudzanyambita ndemanga zanga anthu asanawerenge. Makina akatafuna kaseti ndinkailumikiza ndi utomoni wopaka m'zikhadabo wa amayi anu. Koma vuto lalikulu linali petulo. Ankabwera m'zigubu panjinga, ndipo mvula ikagwa, mtsinje ukadzaza, sankabwera n'komwe.

Loweruka lina jenereta inazima filimu ili pakatikati. Inalinso ya opha anthu pa ganyu: mayi wina wokalamba wooneka wofatsa amene ankabisa mfuti mumtanga wa ndiwo zamasamba. Anthu anayamba kuchita phokoso. Poti ine ndinali nditaionera kale m'mawa, ndinaimirira kutsogolo kuti ndiwamalizire ndi pakamwa. Ndinafotokoza zonse mwadongosolo, osasiya kanthu. Ndinati mayi uja anakwera pamwamba pa nyumba, anawombera mwamuna wa jekete lofiira, mwamunayo anagwera m'thanki la madzi n'kufera momwemo, ndipo sitinauzidwe ngati anasiya mkazi kapena ana. Ndinatchula wachiwiri, wachitatu, mpaka wachisanu ndi chiwiri. M'chisakasa munali zii. Palibe anaseka ngakhale mmodzi. Mayi wina amene anakhala kutsogolo anadzikoka chitenje n'kunena kuti, "A Sakala, imwe mwatiitanira kumaliro. Si mwamene inalili filimu." Koma ndi mmene inalili! Sindinawonjezere kapena kuchotsa munthu. Mawa lake petulo atabwera anaonera zomwezo ndi maso awo n'kufa nalo phwete. Ndinakhala panja pa chigubu ndikudzifunsa kuti kodi choseketsacho chimabisala pati, popeza chikadutsa pakamwa panga chimasanduka uthenga wa imfa. Yankho sindinalipeze ku Msoro.

Chinzombo, 2004

Malonda a vidiyo atayamba kuzilala, ndinapeza ntchito yosunga katundu pa loji ina ku Chinzombo, m'mbali mwa Luangwa. Ndinkaganiza kuti za mafilimu ndathana nazo. Koma alendo ankasiya madisiki m'zipinda, ndipo Mayi Zulu, amene ankayang'anira ife antchito, atamva mbiri yanga anandiitana. Anali mayi wachilungamo koma wosakonda zocheza. Anati Lamlungu lililonse, fifitini awazi, ndiye kuti 3 koloko masana, antchito ndi mabanja awo azionera filimu m'chipinda chodyera, makamaka nthawi ya mvula pamene alendo kulibe ndipo anthu amayamba kukangana chifukwa chosowa chochita. Anagula bolodi n'kulipachika pakhomo. "Muziyamba mwaonera imwe," anatero. "Sindifuna mwana aone vamene safunika kuona." Motero ndinawonjezera mzere watsopano pansi pa ndemanga zanga: ana aonere kapena ayi.

Kumeneko n'kumene ndinakumana ndi a Chanda. Anali sikauti, mmodzi wa aja amanyamula mfuti n'kutsogolera alendo oyenda pansi m'tchire. Anali Mbemba wochokera kumpoto, wamtali, wa mpata m'mano. Inu mukudziwa chimbuya chimene chilipo pakati pa ife akummawa ndi Abemba: timanyozana poyera, iwo amati timadya mbewa, ife timati amadya anyani, ndipo palibe amakwiya. Pamaliro ndiye pamene chimbuya chimagwira ntchito yake yeniyeni. Mbuya, ndiye kuti munthu wa mtundu winawo, ndi amene amakumba manda, kupaka anamfedwa ufa kumaso ndi kumunyoza womwalirayo mpaka olira aseke. Ine mwambowu ndinkaudziwa, koma ndinkauonera patali. Ndinalibe pakamwa pake.

Lamlungu loyamba a Chanda anaima pabolodi langa, manja ali kumbuyo. "Mwaswera bwanji, ba Sakala? Ivi vamene mwajambula ni nsomba olo ni mbeba zanu zamene mwayanika?" Ndinawauza kuti ndi nsomba. "Nanga filimu yabwino so mwaipasa two chabe?" Ndinati muli anthu khumi ndi anayi akufa, ndawerenga. Anaseka mpaka anagwira chipupa. Kuyambira tsiku limenelo inakhala nkhondo yathu. Filimu iliyonse ya opha anthu oseketsa ine ndinkaipatsa nsomba ziwiri, osapitirira, ndipo iwo ankakhala kutsogolo n'kumaseka chikhakhali chomveka mpaka kutsidya, kwinaku akutembenuka kuti aone nkhope yanga. Chimene chinkandizunguza mutu kwambiri n'chakuti pa tonsefe, munthu yekhayo wodziwa kulemera kwa mfuti anali iwowo. Ndinkayembekeza kuti iwo ndi amene angakhale kumbali yanga.

Chinzombo, 2009

Tsiku lina masana tinakhala pansi pa mtengo wa muchenja tikuyang'ana mvuu, iwo akupukuta nsapato, ine ndikudikira galimoto ya katundu. Ndinawafunsa mosazungulira. Ndinati, "A Chanda, inu mfuti mumaidziwa. Mumaseka chiyani?" Anaika nsapato pansi. Kenako anandiuza kuti asanabwere ku loji, ali mnyamata, ankalondera nyama m'tchire. Tsiku lina anakumana ndi anthu opha njovu mozemba, panali kuwomberana, ndipo chipolopolo chawo chinapha munthu. Akuluakulu anafufuza n'kupeza kuti analibe mlandu. Koma mayi wa munthu uja anabwera kukampu kwawo, n'kukhala pansi panja pa mpanda masiku awiri. Sanatukwane, sanalire mokweza. Ankangoyang'ana aliyense wotuluka, chifukwa sankadziwa kuti ndi uti.

"Nenze kumupita pafupi na mbale ya chakudya," anatero a Chanda. "Sananizibe. Manje mu mafilimu yanu aya, ba Sakala, munthu akagwa, wagwa. Kulibe amai ake obwera kuzankhala pa geti. Nimaseka chifukwa ni boza. Two hours yonse nimankhala mu dziko yamene mfuti ni choseweretsa."

Ndinamva chisoni, komanso ndinachita manyazi ndi kuwerenga mitembo kwanga kuja. Komabe, kunena zoona, sindinamvetse. Ndinaganiza kuti munthu woti anaona zotere akanayenera kutuluka m'chipinda filimu ikangoyamba. Ndinawauza zimenezo. Anandiyang'ana n'kupukusa mutu. "Imwe mbeba zinakudyani nzeru. Mverani. Nikafa ine, musakabwere na nkhope yanu ija ya ku Msoro yamene munaniuza. Ndimwe mbuya wanga. Mukabwere na bolodi, mukanilembe monga filimu, mukabelenge pamenso pa anthu. Mukaseketse mkazi wanga. Lonjezani." Ndinalonjeza, poganiza kuti ndi nthabwala za masana, komanso poti munthu wake anali wamphamvu moti ndinkadziwa kuti ndidzayamba kufa ndine. Anandigwira dzanja mwamphamvu, ndipo sanaseke.

Chinzombo, 2016

Munthu amene anayenda pakati pa mikango ndi njati zaka zonsezo anamwalira pabedi, atadwala masiku anayi okha. Anali ndi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu. Mkazi wawo, amene tonse tinkawaitana kuti bana Mutale potengera mwana wawo woyamba, anasankha kuti aikidwe konkuno, poti ana anakulira kuno. Uthenga utandipeza ndinakhala pansi m'sitolo pakati pa makatoni a sopo, ndipo chinthu choyamba chimene chinabwera m'mutu mwanga, ndikuvomereza mwamanyazi, sichinali chisoni. Chinali bolodi.

Ndinagwira njakata. Ndinapita kwa Mayi Zulu kukapempha bolodi, ndipo atamva chifukwa chake anavula magalasi. "A Sakala, bolodi ni ya kampani, ndipo kumaliro si ku vidiyo. Bana Mutale sanadye kuchokera pa Tuesday. Mufuna mukaimilire pamenso pao na tunsomba twanu?" Amayi anu nawonso anandiletsa. Anati chimbuya chili ndi eni ake odziwa kuseketsa, ine ndikangotsegula pakamwa anthu amayamba kuganiza za mabokosi. Sananame. Ndinakumbukira chisakasa cha ku Msoro chili zii. Ndinaona kuti ndikalephera, ndidzakhala munthu amene ananyoza mnzake pamaso pa mkazi wamasiye popanda ngakhale mmodzi woseka, ndipo bana Mutale sadzandiyankhanso moni. Ndikanasiya, palibe akanadziwa, chifukwa pansi pa muchenja paja tinalipo awiri. Koma ndiye vuto lake linali lomwelo. Mboni inali itagona m'bokosi, ndipo ndinaona kuti kunamiza munthu amene sangathenso kukufunsa ndi bodza loipa kuposa lija ndinakanira a Daka.

M'mawa wa tsiku loika maliro ndinapachula bolodi popanda chilolezo. Ndinalemba, kufufuta, kulembanso. Ndinalikulunga m'chitenje cha amayi anu n'kulimanga panjinga.

Titachoka kumanda, anthu anakhala pabwalo la nyumba ya a Chanda. Achimbuya ena anali atapaka kale abale ufa kumaso, koma nthabwala zawo zinkagwera pansi, chifukwa bana Mutale anakhala pamphasa atazolika, osayang'ana munthu. Ndinaimirira. Ndinatsamiritsa bolodi pampando n'kuchotsa chitenje. Ndinamva wina akunong'ona kuti, "A Sakala apenga." Ndinaona Mayi Zulu atagwira pakamwa. Ndinawerenga ndi mawu anga a masiku onse, chifukwa ena ndilibe.

"Ndemanga ya sabata ino. Dzina la filimu: Chanda. Za mkati: munthu wina anamaliza anyani onse kwawo, ndiye anabwera kuno kudzalembedwa ntchito yolondera anyani athu. Tawawerenga, akuperewera. Ananyamula mfuti zaka makumi atatu, mikango ankaiuza kuti chokani panjira, koma nkhuku yofungatira ya bana Mutale inamuthamangitsa mpaka anakwera pa nkhokwe, ine ndikuona. Kuseka: kwambiri, mpaka kusokoneza anzake ofuna kumva. Vuto la filimuyi: petulo wathera pakati. Ana aonere? Aonera kale, ndipo afanana nayo. Ine sindinaimvetse. Nsomba ziwiri."

Panali zii, yemwe uja wa ku Msoro. Ndinafuna nthaka ing'ambike ndilowe. Kenako ndinamva kaphokoso ngati munthu watsamwa madzi. Anali bana Mutale. Mapewa awo ankagwedezeka, ndipo ndinaganiza kuti ndawaliritsa. Atadzutsa mutu, nkhope yonse ili ufa ndi misozi, ndinaona kuti akuseka. "Nkhuku ija!" anatero. "Ananiuza kuti nisakauze munthu!" Bwalo lonse linaphulika. Achimwene awo a Chanda ochokera kumpoto anaseka mpaka anagona chammbali. Ine ndinangoima, choko chili m'manja, osadziwa ngati ndachita bwino kapena ndalakwa.

Bana Mutale anadzuka, koyamba tsiku limenelo popanda wowagwira. Anayenda mpaka pabolodi n'kuliyang'ana. "Ba Sakala, mwamuna wanga ni wa two?" Ndinayankha kuti mbuya satamanda, komanso mafilimu a mtundu umenewu sindinawapatsepo zoposa ziwiri. "Leta choko," anatero. Anawerama n'kujambula nsomba zina zitatu pafupi ndi zanga. Sanali odziwa kujambula. Imodzi inatuluka yopanda mchira, ina ngati mbewa ndithu. Atamaliza anandibwezera choko n'kunena chapansipansi kuti, "Ananiuza kuti muzabwera nayo bolodi. Nenze kuyembekeza." Pamenepo ine, amene ndinabwera kudzaseketsa anthu, ndinakhala pansi n'kulira ngati mwana, anthu ena onse akusekabe.

Chinzombo, 2021

Mayi Zulu sananditchulirepo za bolodi lija. Sabata yotsatira ndinapeza lina latsopano litapachikidwa pakhomo, ndipo ndinalembapo zaka zina zisanu mpaka pamene ndinapuma ntchito. Pofika nthawi imeneyo aliyense ankaonera zake pafoni, ndipo Lamlungu m'chipinda chodyera munkakhala anthu ochepa. Mafilimu a opha anthu oseketsa ankabwerabe. Ndinkawaonera mpaka kumapeto, ndikuyembekeza kuti mwina tsopano, nditaona zimene ndinaona pabwalo paja, ndiseka. Sindinaseke. Ndinkawerengabe akufa, ndipo ndinkaganizabe za amayi awo. Ndinkapereka nsomba ziwiri monga kale, kenako n'kutembenukira ku benchi ya kutsogolo kudikira wondinyoza.

Choncho musandifunse kuti choseketsa chimakhala pati, chifukwa ndagwira ntchitoyi zaka zoposa makumi awiri ndipo sindikudziwa. Chimene ndikukupemphani n'chimodzi. Mukamasesa kuseli kwa kabati, bolodilo muzilinyamula chogwira m'mbali. Mawu anga akafufutika zilibe kanthu, ndi nsomba zanga ziwiri zomwe. Koma zitatu zokhotazo musazikhudze.